Chaka Chimene Vatsala Kaku Sanaphike Poli

Mu kamsewu kathu ka kuseri kwa msika wa ku Karad, mukafunsa nyumba ya a Shripati Salunkhe anthu amayamba akanda kumutu. Koma mukangoti kwa Vatsala Kaku wa poli, ngakhale mwana wosavala amakulozerani khomo lobiriwira loyandikana ndi kagolosale kanga. Tonse timawatchula Kaku, ngati kuti ndi azakhali a msewu wonse.

Ine ndine Rutuja. Ndimagulitsa tchana wosenda, mbewu yonga nandolo, ufa wa tirigu, mafuta ndi gul, shuga wathu wa nzimbe woumba mibulu. Mlungu wa chikondwerero cha Holi ndi umene ndimauyembekezera chaka chonse, chifukwa nyumba iliyonse imafuna tchana ndi gul mofanana muyeso, kilo ku kilo, zophikira puran, phala lolimba lotsekemera loika m'kati mwa poli, mkate wathu wopyapyala wootcha pa chiwaya. Kwa Kaku kokha kunkapita makilo khumi a chilichonse. Sankagulitsa. Ankaphikira ana awo, aneba odwala, akazi ongokwatiwa kumene amene ankaopa apongozi awo, ndi aliyense wodutsa pakhomo n'kunena kuti kukununkhira. Ndawanyengererapo kambirimbiri kuti tiziika poli zawo m'mabokosi n'kumatumiza ku mzinda wa Pune.

"Iwe, ungagulitse ndi mthunzi wako womwe," ankandiyankha choncho. "Tandiyezera gul, ndipo chala chako chichoke pa sikelo."

Anakwatiwa ali mtsikana wamng'ono, kuchokera ku mudzi wina wa minda ya nzimbe kufupi ndi Umbraj. Amanena okha kuti poli yawo yoyamba inang'ambika pa chiwaya, puran n'kutayikira kunja, ndipo apongozi awo anaitenga n'kukaonetsa nyumba ndi nyumba. Kuchokera tsiku limenelo anaphunzira mwaukali. Ankakanda ufa mpaka uzitamuka ngati mphira, n'kuika chibulu cha puran chachikulu kuposa ufawo, n'kuphwatalitsa mpaka kupyapyala moti chikasu cha m'kati chinkaonekera. Pa chiwaya poli yawo inkafufuma ngati mtsamiro. Amuna awo, a Shripati, ankakonza njinga pansi pa mtengo wa pamphambano. Anali munthu wosalankhula zambiri. Ntchito yawo pa Holi inali kupera puran pa mphero atavula malaya, ndi kudya poli yachiwiri, poti yoyamba timaiponya pa moto waukulu wa Holi umene timayatsa pamphambano madzulo.

A Shripati anamwalira mvula itangotha. Holi ya chaka chino inali chikondwerero choyamba chichitikireni malirowo.

Mwambo wake tonse timaudziwa. Nyumba yofedwa siphika chotsekemera. Anamfedwa amakhala m'nyumba n'kudikira kuti wina wa kwawo kwa mayi wa pakhomopo abwere ndi poli, awadyetse kachidutswa pakamwa. Zikatero ndiye kuti chisoni chamasulidwa, ndipo m'khitchini mungabwererenso fungo la gul. Akapanda kubwera munthu moto wa Holi usanayatsidwe, kwathu kuno khitchiniyo imakhalabe yotseka mpaka chaka chitazungulira, ndipo msewu wonse umaona kuti mayiyo alibe kwawo.

Kwawo kwa Kaku kunatsala munthu mmodzi yekha, mlongo wawo wamng'ono Hanmant, mlimi wa nzimbe. Ndipo awiriwa sankalankhulana. Pa ukwati wa mwana wake wamkazi, zaka zingapo zapitazo, Hanmant anaitanitsa poli za ku hotela osawauza achemwali ake. Ena amati ankafuna kuwapumitsa. Kaku analuma kamodzi, n'kufunsa mokweza, apongozi atsopano akumva, ngati kwawoko anthu anayamba kudyetsa alendo zidendene za nsapato. Hanmant anayankha kuti poli ya achemwali akewo sadzailawanso ngakhale atafa ndi njala. Pa maliro a a Shripati anabwera, anaima kutali ndi amuna anzake, n'kubwerera osalowa m'nyumba. Mkazi wake anamwalira kale, mwana uja ali kutali ku Nagpur. Ngakhale akanafuna, ndani akanamuphikira?

Mlungu wonse wa Holi, Kaku sanakhazikike. Ankabwera pagolosale panga opanda chogula. Ankapisa dzanja m'thumba la tchana, kutapa, kuyang'ana, kubweza. Ankanunkhiza gul.

"Uyu ngwamchere, usamugulitse kwa anthu a puran."

"Wokomayo ali kumbuyo, Kaku. Ndikusungireni?"

"Undisungire wa chiyani? Ndikam'pake kumaso?"

Ankapita, n'kubweranso patapita mphindi zochepa kudzandiuza kuti mkazi wa telala wagula tchana wochepa ndipo achita manyazi. Mpongozi wawo Ujwala anandiuza kuti anali atatsuka kale mabotolo onse a m'nyumba, ndi kusoka mabatani pa malaya amene sanathothoke mabatani. Manja awo anali atayamba kunjenjemera chaka chathachi, ndipo ankawabisa m'mphepete mwa nsalu yawo ya sari. Tsiku lina, akuyang'ana manjawo, anati, "Chaka cha mawa awa adzakhala a kungogwira ndodo." Sanatchule dzina la mlongo wawo ngakhale kamodzi. Koma basi ya ku Umbraj ikalira pamphambano, ankasiya mawu pakati.

Tsiku la Holi ndinatsegula molawirira, chifukwa pamakhala oiwala ambiri. Makasitomala atachepako, panaima bambo wina wamtali, wowerama msana pang'ono, wa chipewa choyera chopindika, atanyamula kachikwama ka nsalu. Ankayang'ana khomo lobiriwira lija, kenaka n'kuyang'ana pansi.

"Mwanawe, tchana kilo imodzi. Gul kilo imodzi. Ufa… kaya wochuluka bwanji. Umene umakwana."

Ndinamuzindikira pa mphuno. Ndi ya Kaku yeniyeni.

"Amalume, si inu a Hanmant?"

"Tsitsa mawu!" Anasuzumira kumsewu. "Uli ndi moto kuseriko?"

Anandifotokozera mofulumira, akupukuta thukuta. Anali atapita ku hotela m'bandakucha, poli zitakulungidwa kale m'pepala, ndalama zili m'manja. Kenaka anazisiya pa kauntala n'kutuluka.

"Nditenge za ku hotela kachiwiri? Akandiponya nazo kumaso, ndipo akalondola. Ndiphika ndekha. Ndinkaonerera amayi athu. Si zovuta."

"Munaphikapo?"

"Tiyi."

Ndinati ndimuthandize, anakana. Poli ya lero, anatero, iyenera kuchoka m'manja a kwawo. Kunena zoona, thandizo langa silikanapita patali. Mu msewu wathu atsikana ambiri sitinaphunzire bwinobwino, poti Kaku analipo.

"Ndipo usawauze," anawonjezera. "Zikakanika, ndikwera basi yamasana. Sadziwa kuti ndinabwera. Kuli bwino azinena kuti ndine wouma mtima kusiyana n'kuti andiseke."

Kuseri kwa golosale yanga kuli kabwalo kamene timagawana ndi a Salunkhe. Khomo lawo lakumbuyo limayang'ana pomwepo, koma chichitikireni maliro linkakhala lotseka. Ndinamutulutsira chitofu cha gasi, mphika, chiwaya ndi kamtengo kophwatalitsira, n'kumuika pakona pamene chingwe cha zovala chinkamubisa. Ndinkathamanga uku ndi uku, kuyeza gul kutsogolo, kusuzumira kumbuyo. Anathira tchana m'madzi osatsuka n'komwe. Moto anautsegula wonse. Thovu linasefukira n'kuzimitsa chitofu, iye n'kutukwana mphikawo motsitsa mawu.

Ndikumuyatsiranso, zenera la Kaku linatseguka pang'ono.

"Rutuja! Ukuphika tchana iwe?"

Hanmant anagwada kuseri kwa nsalu yoyanika.

"Ndikungoyesa, Kaku!"

"Ndi moto umenewo? Ndikumva kuwira ndili kuchipinda. Chepetsa, wamisala iwe. Waengula thovu?"

"Ndiengula."

"Amayi, bwerani mukhale pansi," anatero Ujwala m'katimo. "Aneba athu, Mayi Jadhav, abwera kudzationa."

Zenera linatsekeka. Sipanapite nthawi, linatsegukanso kuti andiuze zothira timafuta pang'ono. Linatsekeka. Ndinkawamva akuyenda kuchoka kuchipinda cha alendo kupita kukhitchini, kubwerera, kukoka mpando, kuukankhanso. Nyumba zonse za mu msewu zinali zitayamba kununkhira gul wopsa, ndipo ana ankadutsa akukokera nkhuni pamphambano pokonzekera moto wamadzulo.

Kutsogolo kunabwera mayi wofuna gul theka la kilo, wokonda kutsutsa sikelo. Ndikulimbana naye, ndinamva mfuu kuseri.

"Hanmya! Tula mphikawo!" Anali mawu a Kaku, akuitana mlongo wawo ndi dzina la paubwana.

Ndinasiya mayiyo ndi gul wake. Hanmant anali ataima pa ngalande, mphika uli m'manja atagwirira ndi chipewa chake, ataupendeketsa kuti ataye madzi a tchana. Kaku anali pakhomo lakumbuyo, lotsegula lonse, manja onse awiri atagwira mphuthu.

Madzi amenewo timawatcha kat. Ndiwo amapanga msuzi wowawasa, wa tsabola, umene timadyera limodzi ndi poli ndi mpunga. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti satayidwa.

"Ukutaya kat? M'ngalande? Amayi akanakuona akanakuthyola khutu!"

"Ndi madzi chabe, Akka," anatero, kuwatchula mmene timatchulira achemwali aakulu.

"Madzi chabe ndi amene ali m'mutu mwakomo. Rutuja, m'patse beseni."

Ndinam'patsa. Anatsanulira mmenemo. Ndikuganiza kuti apa m'pamene aliyense anazindikira kuti walankhula. Hanmant anaika mphika pansi, n'kutola kachikwama kake.

"Ndinati ndiyese," anatero, akuyang'ana ine, osati iwo. "Zakanika. Basi yamasana ikadalipo."

Ndinaona phazi la Kaku likutsogola kufuna kutsika pa sitepe, Ujwala n'kuwagwira mkono.

"Amayi, simungagwire. Anthu ali m'nyumba, aona."

"Ndagwira chiyani? Waona ndagwira chiyani?" Anabweza phazi. Anapinda manja kumbuyo, n'kuwakulunga ndi nsonga ya sari ngati akudzimanga. "Analetsa manja. Pakamwa sanaletse munthu. Iwe, khala pansi. Tenga kambewu kamodzi ukafinye."

Hanmant anazengereza, kenaka anakhala. Anatola katchana n'kukafinya ndi zala. Kanagawika pawiri, kolimba m'kati.

"Waona? Ndipo gul ndi ameneyo wamuswa kale, umati uthire. Ukathira gul tchana asanafewe, amauma ngati miyala, ngakhale umuphike mpaka Diwali. Bwezera madzi pang'ono. Otentha! Ndani anakuuza ozizira?"

Zinayamba choncho. Ndinapachika kachikwangwani kotseka pagolosale, tsiku la malonda ngati limenelo, ndipo sindinadandaule. Ujwala anabweretsa mpando, Kaku anaukankha ndi mwendo. Ankayenda m'lifupi mwa khomolo, masitepe awiri uku, awiri uko, khosi litatalika.

"Takasa. Pansi, osati pamwamba. Ukusisita mwana kodi?"

"Dzanja latopa, Akka."

"Umadula nzimbe tsiku lonse, lero watopa ndi chikombe? Mlamu wako ankatakasa makilo khumi osatsegula pakamwa."

"Akanatsegula nthawi yanji, inu mukulankhula?"

Ujwala anabisa nkhope m'sari. Kaku anayang'ana kumbali. Kenaka anati, "Imika chikombe pakati." Chikombe chinagwa. Anatakasanso, puran akuthovoka n'kumuwotcha pamkono. Kachitatu chinaima chokha.

Mphero inali ya Kaku, ndipo panabuka mkangano ngati mphero ya nyumba yofedwa ingatuluke. Mayi Jadhav, amene tsopano anali atasuzumira paphewa pa Ujwala, anagamula kuti mwala sulira maliro. Tinainyamula ine ndi Hanmant. Anapera atagwada, thukuta likutsikira m'ndevu, achemwali ake akumuuza kuti akusiya timibulu timene tidzaboola poli.

Dzuwa linali litapendeka. Pamphambano ng'oma zinayamba kulira, ndipo mulu wa nkhuni unali utatalika kuposa munthu. Ine ndinkangoyang'ana mthunzi wa khoma ukukwera pabwalo. Ufa unafunika kukandidwa ndi mafuta, n'kuusiya upume. Hanmant ankafuna kudumpha zopumazo.

"Nthawi yatha, Akka. Ayatsa moto."

"Ufa sudziwa za moto wako. Usiye."

Tinadikira. Panalibenso cholamula. Hanmant ankakanda chilonda cha pamkono. Kaku ankayang'ana beseni la ufa ngati lingathawe.

"Mwana ali bwanji ku Nagpur?" anafunsa mwadzidzidzi, maso ali pa beseni.

"Ali ndi pakati. Mwezi wa mawa."

"Ndipo ine ndimve lero."

"Ndikanauza ndani?"

"Ufa wapuma. Tapa."

Poli yoyamba inang'ambika isanafike n'komwe pa chiwaya. Zala za Hanmant ndi zokhuthala ngati zitsa za nzimbe, ndipo ankapsinja kamtengo kaja ngati akusalaza msewu. Yachiwiri inamatirira pa thabwa. Kaku anali atawerama mpaka theka la thupi lili kunja kwa khomo, manja akadali omangidwa kumbuyo, zala zikuyenda zokha m'nsalumo.

"Usakanikize! Kankha pang'ono, tembenuza. Waza ufa wa mpunga. Chepetsa puran, iwe si ine. Panga yaing'ono, ngati chikhatho."

"Ikhala yokhuthala."

"Ikhale. Bola ikhale yathunthu."

Yachitatu inafika pa chiwaya yamoyo. Sinali yozungulira, inali ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi mbali imodzi. Tonse tinaunjikana. Inachita mawanga ofiirira, ndipo Hanmant ataitembenuza, mbali imodzi inadzitukumula pang'ono, n'kutulutsa kampweya.

"Yafufuma!" anakuwa ngati mwana. "Akka, mwaona? Yafufuma!"

"Yatsokomola chabe. Chotsa isanapserere."

Zinatuluka zisanu zoti n'kuonetsa anthu. Imodzi tinapatula ya moto wa Holi, mwana wa telala n'kuthamanga nayo. Zinazo Hanmant anaziika m'mbale yanga, ndi kambale ka mafuta a mkaka osungunula pambali. Ananyamuka kulunjika pakhomo lakumbuyo pamene Kaku anaima.

"Ukupita kuti? Wa kwathu salowera kumbuyo ngati wogulitsa makala. Zungulira. Ndipo samba kumaso, vala chipewa."

Chipewacho chinali chitada ndi mwaye wa mphika, koma anavala. Anadutsa m'golosale yanga n'kutulukira mu msewu, mbale ili patsogolo. Anthu anali atayamba kutuluka m'nyumba kupita ku moto, atavala zatsopano, ndipo anaima n'kumupatsa njira. Mkazi wa telala anafunsa mokweza kuti bamboyo ndani. Mayi Jadhav anayankha ali pakhomo lobiriwira, mokwezanso kuposa pamenepo, kuti ndi mlongo wawo wa Vatsala, wachokera ku Umbraj.

Kaku tinawapeza atakhala pa mkeka pansi pa chithunzi cha a Shripati, sari itaphimba kumutu, ngati akhala pamenepo tsiku lonse. Mwana wawo wamwamuna ndi mkazi wake Ujwala anakhala pambali. Hanmant anavula nsapato, anagwada, ananyema kachidutswa, n'kukaviika m'mafuta. Dzanja lake linaima m'malere.

"Akka, alamu anali munthu wabwino. Tsiku lija ndinalephera kulowa."

"Ndinakuona," anatero Kaku. "Bweretsa, mafuta akudontha."

Anawadyetsa. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali otseka, misozi ikutsika mpaka pachibwano osaipukuta. Anadyetsanso mwana wawo ndi Ujwala. Kunja kunamveka chiphokoso cha anyamata, moto utagwira.

"Mchere mu ufa sunaike," anatero Kaku atatsegula maso.

"Simunandiuze."

"Zonse ndizikuuza ine?" Anakoka mbale, ananyema chidutswa chachikulu ndi manja awo onjenjemerawo, n'kumulozetsa pakamwa. Hanmant anabweza mutu.

"Ndinalumbira, Akka."

"Unalumbira za poli yanga. Iyi ndi yako, ndipo uyenera kulangidwa nayo. Yasamula."

Anadya. Kaku anadzuka msanga kuposa mmene ndawaonera miyezi yonseyi, n'kuyamba kuitana. Ujwala akatenge beseni la kat kuseri lisanagwere ntchentche, abweretse bwemba ndi tsabola. Ine ndikatsegule golosale ndiwapatse gul uja ndinabisa kumbuyo, kachidutswa chabe ka mu msuzi, wambiri adzatenga pa Padwa, chaka chathu chatsopano, pakangotha masabata awiri. Analowa kukhitchini akukwinya sari m'chiuno.

Hanmant anayang'ana panja, n'kunena motsitsa kuti basi yomaliza inyamuka posachedwa.

"Inyamuke," anayankha Kaku ali kukhitchiniko. "Mphika wa mwana wa eni ake waupsereza, utsuka ndani? Pita ukaunyike, ubwere udzadye."